Anati Ndinaba Mpeni wa Apongozi

1

Amene mukufuna nkhani ya mkazi wogwada pansi n'kumapempha chikhululukiro, tsegulani tsamba lina. Ine banja langa linatha chifukwa cha mpeni, ndipo zitati zibwererenso, ndingachite zomwezo osaphethira.

Ntchito yanga ndi yoyesa mipeni yakale. Musaseke, ilipo ntchito yotere. Kashopu kanga kali mumsewu wa ogulitsa zinthu zakale, pakati pa wokonza mawotchi ndi mayi wogulitsa mabuku othetheka. Munthu amabwera ndi mpeni umene waupeza m'sutikesi ya malemu agogo ake, ataukulunga m'nsanza ngati khanda, n'kundifunsa kuti unasulidwa liti, anausula ndani, nanga ndi wa mtengo wapatali kapena ndi wosendera mbatata basi. Ine ndimauyala pansalu yoyera, ndimayatsa nyale, n'kutenga galasi langa lokulitsa zinthu. Ndimayang'ana chidindo cha wosula pafupi ndi chogwirira, timisomali tomangira chogwiriracho, mtundu wa dzimbiri, ndi mmene chitsulo chinadyekera ponola. Ndikatero ndimamuuza mwini wake zimene ndaona, kaya zimukoma kaya zimuwawa.

Mkulu amene anandiphunzitsa ntchitoyi anandisiyira malamulo awiri. Loyamba, mpeni wakale sukwechedwa kuti uwale, chifukwa ukachotsa kuda kwakeko wachotsa zaka zake ndi mtengo womwe. Lachiwiri, zimene waona pansalu yako zimathera pansalu pomwepo. Sunena kuti wabwera ndani, wabweretsa chiyani. Anthu amabwera kuno ndi zinthu zimene ngakhale akazi awo sadziwa kuti zilipo.

2

Pabalaza pa apongozi anga, pamwamba pa kabati ya magalasi, pankapachikidwa mpeni wosakira nyama, wa chogwirira cha nyanga, uli m'chimake chachikopa. Banja lonse linkaulemekeza kuposa mmene eni akewo ankalemekezerana. Ati unachokera kwa agogo awo a apongozi aamuna, ati anausula mmisiri wina wotchuka amene mipeni yake yatsala yowerengeka. Mlendo ankaonetsedwa mpeniwo asanapatsidwe n'komwe madzi akumwa. Apongozi aamuna, munthu wamanzere, wosalankhulalankhula, ankautsitsa okha Loweruka lililonse n'kumaunola pamwala wawo, ngakhale panalibe choti adule.

Nthawi ina kamsomali kamodzi ka chogwirira kanagwedera. Apongoziwo anandipatsa mpeniwo kuti ndikaukonze kushopu. Ndinakhala nawo masiku angapo, ndinaubweza, anathokoza, aliyense n'kuiwala.

Chaka chatha apongozi aamunawo anadwala mwakayakaya. Atachira, ana awo anayamba zija zosuzumira katundu mwini wake akadapuma. Alamu anga aakulu, amene kunyumbako amawatcha Bwanamkubwa chifukwa cholamula ngakhale pamene sanaitanidwe, anatenga mpeni uja n'kupita nawo kwa woyesa wina wa kutsidya kwa tauni. Kwa ine sanabwere, ati m'bale sayesa katundu wa abale ake.

Anabwerako maso ali psu. Woyesa uja, munthu wodziwa ntchito yake ndithu, anawauza kuti mpeniwo ndi wongotengera. Chidindo chake anachita kuchijambula ndi mankhwala odya chitsulo, pamene mmisiri weniweniyo ankachikhoma chitsulo chikadali chamoto.

"Ndiye weniweniwo uli kuti?" alamu anafunsa pabalaza paja, akumenyetsa mpeniwo patebulo.

M'banjamo munthu wodziwa mipeni anali mmodzi, ndipo munthu yemweyo ndiye anakhalapo nawo kushopu kwake. Maso onse anatembenukira kwa ine, ndili chiimire ndi thireyi ya makapu m'manja. Apongozi aamuna okha ndiwo anayang'ana pansi.

3

Amuna anga ndi munthu wofatsa, wa mtundu uja azimayi amati, "Mnzathu iwe wapeza." Kufatsa kwawoko ndinakudziwa bwino tili m'galimoto pobwerera kwathu.

"Ngati unausunga penapake, ungoubweza mwakachetechete," anatero. "Ine ndikalankhula nawo achimwene."

"Mukundifunsa kapena mukundiuza?"

"Ndikungofuna kukuthandiza."

"Tandiyang'anani kumaso. Mukuganiza kuti ine ndinaba?"

Iwo maso ali pamsewu, anati, "Ntchito yakoyi ili ndi mayesero ambiri."

Abale inu, mawu amenewo anandilasa kuposa kulalata konse kwa alamu. Koma zenizeni zinali m'tsogolo. M'mawa mwake, ndikungotsegula kumene, anatulukira awiriwo, Bwanamkubwa patsogolo, amuna anga pambuyo manja ali m'thumba. Anakoka madilowa, anakhuthula mabokosi, anamasula mipeni ya eni ake n'kumaiunjika pamodzi ngati masipuni. Wina unagwera pansi n'kubenthuka chogwirira. Wokonza mawotchi anaima pakhomo, kagalasi kake kali padiso, kukamwa kuli yasa. Mayi wa mabuku anasiya kasitomala n'kudzakhala pazenera.

Sanapeze kanthu, koma dzuwa lisanapendeke nkhani inali itafika kumapeto a msewu. Ati mayi wa mipeni uja amasinthanitsa katundu wa anthu, wayambira kwa apongozi ake enieni.

Anthu anayamba kubwera kudzatenga mipeni yawo. Bambo wina wokalamba, amene kale ankagwira ntchito kubutchala, anaima pakauntala chipewa chili m'manja.

"Pepani mayi, sikuti ndikukhulupirira zimene akunenazi ayi. Kungoti uja ndi wa malemu bambo anga."

"Tengani, bambo. Muuyang'anitsitse ngati ndi womwewo."

Anachita manyazi, koma anauyang'anitsitsa ndithu. Woyesa mipeni amadyera dzina lake. Palibe amene angakusiyire chinthu cha makolo ake ngati wamva kuti manja ako ndi aatali, ndipo dzina langa linali likuthera m'matope ine ndikuona.

Madzulo a tsiku limenelo, ndikutolera zimene anamwaza, munthu wina anagogoda pachitseko cha kuseri. Za ameneyo ndikuuzani nthawi yake ikakwana.

4

Ndinadikira. Mashelufu ankapita napepuka, nyale yanga inkangoyakira nsalu yopanda kanthu. Kunyumba amuna anga ankandilankhula mokoma mtima ngati wodwala, koma za mpeni osazitchulanso. Nditaona kuti palibe amene atsegule pakamwa, ndinati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Msonkhano ndinauitanitsa ndekha.

Ndinafika kwa apongozi Lamlungu masana nditanyamula nsalu yanga, nyale ndi galasi.

"Tabwera kudzamva kupepesa," anatero Bwanamkubwa, "osati zionetsero."

"Khalani pansi, alamu. Kupepesa kumveka lero, musadandaule."

Ndinayala nsalu patebulo, ndinasolola mpeni uja m'chimake n'kuugoneka pansi pa nyale.

"Mpeni uwu ndi wabodza," ndinatero. "Woyesa mnzanga uja sananame. Ine ndinadziwa zimenezi tsiku loyamba limene ndinaponda m'nyumba muno, ndisanakwatiwe n'komwe."

"Asa!" alamu anadzambatuka. "Ndiye sunanene bwanji?"

"Munandifunsa? Mtsikana wobwera kudzaonekera kwa apongozi angayambe n'kunena kuti chuma chanu chapakhomachi n'chonama? Munali osangalala nawo, ine ndinati zanga n'ziti."

Apongozi aakazi, mayi wamtali amene anabereka ana aamuna okhaokha n'kuwalera ndi mawu ochepa, anasendeza mpando wawo. "Pitiriza, mwanawe."

"Woyesa uja munamufunsa ngati mpeniwu ndi weniweni. Simunamufunse kuti wabodzawu wakhala zaka zingati ukugwira ntchito. Taonani apa." Ndinaloza kukamwa kwa mpeniwo. "Chitsulo chinadyeka mbali imodzi mpaka kulowa m'kati. Kumeneku ndi kunola kwa dzanja lamanzere, pamwala umodzimodzi. Kuti chitsulo cholimba chonchi chidyeke chotere, pamafunika zaka zochuluka kuposa zimene ine ndakhala m'banja muno."

"Zimenezo ukhoza kuzipanga wekha ndi makina," anatero alamu.

"Chabwino. Nanga izi?" Ndinawapatsa galasi lija. "Nsonga iyi si yake yoyamba. Inathyoka, wina n'kuikonza pamwala kuti isongokenso. Kuda kwa pamalo okonzedwawo n'kofanana ndi kwa kwina konse, ndiye kuti n'zakalekale. Makina sapanga zimenezo, mukamufunse woyesa wanu yemweyo. Wina ankafuna kukanula chinthu cholimba ndi nsongayi. Ndani?"

Kenako apongozi aakazi anatembenukira kwa mwana wawo wamkulu.

"Si iwe kodi? Uli kupulayimale, unkafuna kutsegula chitini cha penti. Bambo ako anakukwapula mpaka unakabisala kuseri kwa thanki yamadzi."

Bwanamkubwa anatsitsa galasi lija pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti," ndinatero, "pamene alamu ankathyola nsonga iyi, akadali ndi mamina pamphuno, mpeni wabodzawu unali kale pakhoma apo. Ine nthawi imeneyo ndinali ndisanabadwe. Kaya ndinauba ndili kuti."

5

Palibe amene anaseka. Apongozi aakazi anayang'ana mpeni uja nthawi yaitali, kenako anandiyang'ana ine.

"Mwanawe, ndiyankhe zoona. Weniweniwo unauonapo?"

Apa ndiime kaye ndikuuzeni zimene ndinakubisirani.

Miyezi ingapo zonsezi zisanachitike, kushopu kwanga kunabwera mayi wina wa msinkhu wa amuna anga, atavala yunifolomu ya unamwino. Anatulutsa m'chikwama mpeni wosakira nyama, wa chogwirira cha nyanga. Nditangoona chidindo chake ndinachizindikira. Chinali chokhomedwa mozama, chitsulo chikadali chamoto. Nsonga yake inali yathunthu. Unali mpeni umene uja wa pakhoma la apongozi anautengera.

"Sindikugulitsa," anatero mayiyo. "Amayi anga amwalira posachedwapa. Ankati bambo anga anawasiyira mpeni uwu ine ndili m'mimba, ati ndi chinthu chokhacho cha mtengo chimene anali nacho, ndipo adzabwera kudzautenga pamodzi ndi ife. Sanabwere. Sindikuwafuna ayi, ndakula kale. Ndikungofuna kudziwa ngati pa zonse zimene anawauza amayi, chimodzi chokha chinali choona."

Ndinamuuza kuti mpeniwo ndi weniweni. Anagwetsa misozi pang'ono, anaipukuta, n'kuukulunga mpeni wake ndi dzanja lamanzere. Chipumi chake chinali cha m'banja limene ndinakwatiwako, chosafunika kufunsa. Ndinatseka pakamwa panga monga mwa ntchito, ngakhale kwa amuna anga sindinanene.

Ndipo munthu uja anagogoda pachitseko cha kuseri tsiku limene anandikhuthulira shopu anali apongozi aamuna. Analowa akutsimphina ndi ndodo yawo, n'kukhala pabokosi.

"Mwananga, ndikudziwa kuti sunabe."

"Ndiye kanenenitu, bambo."

"Sindingathe. Amayi ako angafe nazo." Anandifotokozera za mkazi wina wakalekale, za mimba, za mmisiri wa m'kanjira kena amene anawasulira mpeni wofanana kuti pakhoma pasaoneke popanda kanthu. Kenako anati, "Ungovomera, mwananga. Unene kuti unausokoneza ndi wa munthu wina mwangozi. Adzakalipa masiku awiri, nkhani idzatha. Iwe ndiwe mwana, anthu adzaiwala."

Ndinawayang'ana bambo okalambawo, ndipo ndinawamvera chisoni, sindikana. Koma ndinawauza kuti, "Bambo, mwandipempha mpeni ndakukonzerani, mwandipempha tiyi ndakuphikirani. Dzina langa lokha sindikupatsani. Ndikudikirani munene nokha." Ndinawadikira, iwo n'kumangonola mpeni wawo Loweruka ngati kale.

Ndiye pamene apongozi aakazi anandifunsa funso lija, ndinayankha mosazungulira.

"Ndinauona, amayi. Amene anaubweretsa sindimutchula, ntchito yanga siilola zimenezo, ngakhale mundimenye. Koma amene anauchotsa m'nyumba muno ali pompano. Anabwera kushopu kwanga kudzandipempha kuti ndivomere kuti ndine wakuba. Ameneyo sanabwere ngati kasitomala, ndiye chinsinsi chake sichindimanga."

Sindinaloze munthu. Maso a onse anapita okha.

Apongozi aamuna anagwira ndodo yawo ndi manja awiri. Kenako analankhula.

"Ndinaupereka ndine. Kuli mwana wanga wamkazi kunjaku."

"Wamkazi," anatero apongozi aakazi, motsitsa mawu. "Wamkulu bwanji?"

"Anabadwa chaka chimodzi ndi uyu." Analoza amuna anga ndi chibwano.

Mayiwo anaimirira, anakonza mpango wawo. "Zaka zonsezi ndakhala ndikukwera pampando kupukuta fumbi pa chinthu chimenechi," anatero. "Ndipo munali okonzeka kuti mwana wa eni ake atchedwe mbava kuti ine ndizipukutabe." Analowa kuchipinda n'kukhoma chitseko.

Ndinapinda nsalu yanga. Bwanamkubwa anayamba zoti, "Mlamu, mukudziwa, munthu ukakwiya..."

"Alamu, musavutike n'kupepesa pabalaza. Matope munandipaka pamsewu, ndiye mukandisambitse pamsewu pomwepo. Mawa ndikudikirani kushopu, muyambire kwa wokonza mawotchi."

6

Amuna anga anandipeza pageti, ndikulimbana ndi chingwe cha nyale chimene chinakola pachitsulo. Ndinkaganiza kuti abwera kudzandigwira dzanja. Ndinali nditakonzeka kale kuwakhululukira, inetu, chitsiru cha mkazi.

"Wakhutira?" anatero.

"Mwati bwanji?"

"Amayi adzitsekera. Bambo ndi odwala, ukudziwa. Nyumba yonse waigwetsa chifukwa cha kachitsulo. Ukanangovomera monga anakupemphera, ife tikanakukhululukira, nkhani ikanatha bwinobwino."

Chingwe chija ndinachisiya. "Mukanandikhululukira chiyani?"

"Ukudziwa chimene ndikutanthauza. Bambo atandifotokozera, ine ndinawauza kuti ndiwe munthu womva zinthu, uvomera. Wandichititsa manyazi."

"Atakufotokozerani? Liti?"

Apa ndi pamene anazindikira kuti lilime lawathamangira. Anayang'ana kumbali.

"Ndikufunsa. Anakuuzani liti?"

"Tsiku lija tinabwera kushopu. Madzulo ake, asanabwere kwa iwe."

Masiku onse aja anthu ankabwera kudzatenga mipeni yawo, ine n'kumafika kunyumba ndili wefuwefu, chakudya osachikhudza, mwamuna uyu ankandithirira tiyi, n'kumandifunsa kuti kuntchito kwayenda bwanji. Ankadziwa kuti sindinabe. Ankangodikira kuti nditope, ndigwade.

"Munawatuma ndinu kuti abwere kwa ine."

"Ndinkateteza banja."

"Nanga ine ndine ndani? Waganyu?"

Sindinadikire yankho lawo. Ndinakoka chingwe chija mpaka chinamasuka, ndinanyamula nyale yanga n'kuyenda kupita pokwerera basi. Kunyumba ndinangopitako kukatenga zovala.

7

Bwanamkubwa anabwera, ndiwapatse ulemu wawo pamenepo. Anayenda shopu ndi shopu atavala jekete, thukuta lili kamukamu, akunena kuti anandinamizira. Mayi wa mabuku anawauza kuti abwereze poti sanamve bwino. Bambo wa kubutchala uja anabweranso ndi mpeni wa malemu bambo ake, ndipo ena akubwera pang'onopang'ono. Apongozi aakazi anasamukira kwa mng'ono wawo. Amandiimbira foni nthawi zina, ndipo sanandifunsepo kachiwiri za mayi wa yunifolomu uja.

Achibale a amuna anga amati ndinapasula mabanja awiri tsiku limodzi. Azakhali anga enieni anandiuza kuti mkazi wanzeru amameza zina kuti pakhomo pakhale bata, ati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mwina enanu mukuwerenga pano mukugwedeza mutu kuvomereza zomwezo.

Ndiye ndikufunseni, inu amayi ndi abambo amene mwafika nane mpaka pano. Mkhate umene umafuna kuti munthu wosalakwa atchedwe mbava kuti usasweke, mumasungiramo chiyani? Mwina kwanuko akupemphani kale kuti muvomere kanthu kakang'ono, kuti nkhani ithe, kuti akuluakulu asachite manyazi. Adzakuuzani kuti ndinu mwana, anthu adzaiwala. Saiwala ayi. Ndipo amene anakupemphaniyo adzakhala nanu patebulo limodzi moyo wonse, akudziwa kuti ndinu wosalakwa, n'kumakukhululukirani pamaso pa anthu.

Ndinkawakonda amuna anga, ndipo masiku ena ndimawasowa mpaka chifuwa kuwawa. Anabwerapo kushopu kudzandifunsa ngati mtima wanga watsika. Ndinawafunsa kuti, zikanakhala kuti ndinavomera, akanadzawauza liti ana athu a m'tsogolo kuti mayi awo sanali wakuba. Ali pakauntala pomwepo anati, "Sizikanafunika kuti adziwe."

Ndinawatsegulira chitseko ndekha.